Adiresi ya Sofa Yomira Pakati

Tsiku limene Mayi a Mipando anawaona koyamba bamboyo, mayiwo anali atagwada pakhomo pa shopu yawo, misomali itatu ili pakamwa, akukhomera nsalu kunsi kwa mpando. Kutsidya kwa msewu, pa shopu ya fotokope, panatuluka bambo wamfupi wadazi, malaya opisira, zolembera ziwiri m'thumba la pamtima. Anaima m'mphepete mwa ngalande, nakhosomola, naika manja kukamwa ngati woitanira basi.

"Nsapato, kamzere, za, kamzere, ana, kamzere, asukulu!"

M'shopu yometera, yomwe inagundana khoma ndi ya Mayi a Mipando, makina anazima. Ometa anasuzumira panja.

"Nsapato za ana asukulu!" anakuwa mobwezera.

"Timizere mwatisiya kuti?"

"Timizere tanuto mudye nokha, aPositi! Ndili ndi munthu pampando, mutu theka!"

"Yakhoza," anatero bambo wadaziyo motsitsa mawu, nalemba kanthu m'kabuku, n'kubwerera mkati.

Mayi a Mipando analavulira misomali m'dzanja. Anaganiza kuti mumsewumo mwabwera wamisala waukhondo. Koma iwo sanali munthu wofunsa. Chibadwire chawo, akafuna kudziwa kanthu ankangokhala chete pafupi ndi anthu olankhula, ndipo khoma la pakati pa iwo ndi Ometa linali la matabwa opyapyala. Pomatha sabata ziwiri, mbiri yonse ya aPositi inali itadutsa khomalo yokha.

Bamboyo anapereka makalata zaka makumi atatu ndi chimodzi. Njinga anatha zinayi, agalu anawaluma asanu ndi awiri, koma amene ankawakumbukira mokwiya sanali agaluwo ayi, anali anthu olemba maadiresi. Munthu ankatha kulemba pa envelopu kuti "nyumba yoyang'anizana ndi mtengo uja," mtengowo utadulidwa kalekale. Ku ofesi kwawo kunali kabati ya makalata osowa kolowera, ndipo anzawo akamapita kukadya masana, aPositi ankatsala pa kabatiyo n'kumayesa kuwapezera eni. Atapuma pantchito anakhala pakhomo miyezi itatu yokha. Akazi awo anawapempha mwaulemu kuti apeze kwina kokalongosola zinthu, chifukwa anali atayamba kulemba manambala pa zitini za m'khitchini.

Choncho anakaphunzira kompyuta pamodzi ndi anthu a msinkhu wa adzukulu awo. Za mitundu ndi zithunzi sanazigwire n'komwe. Webusaiti yomwe anapanga pa mayeso aphunzitsi anati ikuoneka ngati risiti. Koma tsiku limene anayang'ana pamwamba paja polembedwa adiresi ya tsamba, n'kuona zilembo ndi manambala zitapiringizana ngati tsitsi la m'chipeso, anaimirira m'kalasi n'kunena kuti, "Kalata iyi singafike." Ntchito yawo anaipeza pomwepo. Mwini fotokope anawapatsa katebulo pakona, ndipo ankakonza maadiresi a mawebusaiti a amalonda ang'onoang'ono, basi, china chilichonse ayi. Lamulo lawo linali limodzi: adiresi isanalowe m'kompyuta, iwoloke kaye msewu ndi pakamwa. Ometa akaimva pakati pa phokoso la magalimoto n'kuibweza, yakhoza. Akati "Mwati chiyani?" yalephera.

Mayi a Mipando nthawi imeneyo anali ndi zawo zowadya mumtima. Shopuyo inali ya malemu amuna awo. Ntchito ya manja ankaidziwa iwo kuposa malemuwo, koma wolankhula ndi makasitomala anali bambo. Iwo malo awo anali kumbuyo, pa makina osokera. Bambo atamwalira, anzawo anapitiriza kubweretsa mipando chifukwa cha chisoni, mpaka m'nyumba zawo simunatsale mpando wofuna kukonza. Pofika chaka chachitatu, masiku ena ntchito yonse inali kutsegula, kusesa, kukhala, kutseka.

Lamulungu lina mwana wawo wamkazi, namwino wolankhula ngati akuwerenga malangizo a pa botolo la mankhwala, anabwera ndi mwamuna wake.

"Amayi, chipinda takonza, bedi tagula. Mukhala mukuyang'ana msewu mpaka liti? Tikupatsani miyezi iwiri. Pakapanda kubwera kasitomala wachilendo ngakhale mmodzi, osati anzawo a bambo, osati a kutchalitchi, munthu woti tonse sitikumudziwa, mutseka shopu, mubwere kwathu. Tamvana?"

"Webusaiti ndinakupangirani chaka chatha, Amayi, yokongolanso," anawonjezera mkamwini, yemwe ankagwira ntchito ya inshuwalansi. "Ngati anthu sakubwera, ndiye kuti masiku ano sakonzetsa. Amagula zatsopano."

Mayi a Mipando sanavomere, koma mutu unagwedera wokha, monga unkachitira moyo wawo wonse. Chipindacho anali atachiona: chinali pakati pa bafa ndi chipinda cha ana, windo lake loyang'ana khoma la eni ake. Adzukulu ankawakonda. Koma kiyi wa shopu, amene ankamangirira pa kachingwe m'chikwama, sankafuna kumupereka kwa munthu.

Kuti awoloke msewu zinawatengera masiku anayi. Analowa ngati akufuna fotokope ya chiphaso chawo, yomwe sankaifuna n'komwe, ndipo potulutsa chiphasocho anagwetsa dala kakhadi ka shopu kamene mkamwini anasindikizitsa. APositi anakatola. Anakayang'ana kutsogolo, nakatembenuza, chifukwa adiresiyo inapitirira mpaka kuseri.

"Anapanga ndani, Amayi?"

"Mkamwini."

"Amakukondani?"

"Kwambiri."

"Ndiye si dala," anatero aPositi. "Muuzeni abwere Loweruka ndi mawu achinsinsi olowera."

Loweruka mkamwini anafika ndi laputopu yake ndi nkhope ya munthu woti waitanidwa kwa ahedi. Onse atatu anapanikizana pakatebulo kapakona, makina a fotokope akuwauzira mpweya wotentha kumsana.

"Achimwene, musanakhazikike," anatero aPositi, "tatulukani panja, muwauze Ometa adiresi ya tsamba la masofa."

Mkamwini anaseka, koma ataona kuti akuseka yekha anatuluka. Anatchula bwino dzina la shopu. Kenako anayamba: "Kamzere kopendekeka, chizindikiro cha funso, pi, ikwozi, folo, folo, seveni, wani, kenako kachizindikiro kaja kopindikapindika..."

"Mwati chiyani?" anakuwa Ometa. "Yabedwa liti galimotoyo?"

Mkamwini anabwerera akupukuta thukuta. "Anthu sanena adiresi pakamwa masiku ano, madala. Amasaka pa foni."

"Eya, amasaka. Nanga amene amawasakira ndani? Makina osakira aja ndi positimani mnzanga, kungoti ndi mwana wa dzulo. Liwiro ali nalo, amazungulira dziko lonse tsiku limodzi. Koma sagogoda, safunsa oyandikana nawo, sadziwa kuti mayi awa amasoka bwino. Amawerenga zimene zalembedwa pakhomo. Akapeza palembedwa folo folo seveni wani, amakweza mapewa n'kudutsa. Tsegulani tione mitu ya masamba."

Mkamwini anatsegula. Zithunzi zinalidi zokongola. Pamwamba pa chilichonse panali mutu: Wa a Dokotala. Ya Abusa Yachiwiri. Wa Mayi Wolongolola. Ija Inagwa pa Lole.

APositi anavula magalasi. "Ndani padziko pano angatenge foni n'kulemba kuti Ya Abusa Yachiwiri? Abusawo eni ake sangalembe."

"Ndinalemba zimene anandiuza Amayi," anadziteteza mkamwini.

"Malemu ankaitchula choncho," anatero Mayi a Mipando, maso ali pa manja awo. M'shopu mwawo mpando uliwonse unkadziwika ndi mwini wake kapena tsoka lake, ndipo zaka zonsezo palibe unasokonekera.

APositi anavalanso magalasi pang'onopang'ono. "Mayinawo asachoke. Akhale mkati, pansi pa chithunzi. Koma pakhomo tilembe zimene munthu wovutika amanena."

"Ntchito zapamwamba zokonzanso mipando mwaukadaulo," anatero mkamwini msangamsanga.

"Achimwene, munaonapo munthu atakhala pa sofa, mawondo n'kufika kumakutu, iye n'kunena kuti ndikufuna ukadaulo?" Anatembenukira kwa mayiwo. "Amayi, anthu akamalowa pakhomo panu amati chiyani? Mawu oyambirira enieni, moni asanamalize n'komwe."

Funso limenelo palibe anawafunsapo. Koma zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ali kuseri kwa makina osokera, chimene ankachita ndi kumvetsera.

"Amati sofa yamira pakati," ananong'ona.

APositi anatsegula kabuku. "Pitirizani."

"Mpando ukugwedera. Sipuling'i ikubaya. Mphaka wang'amba. Ana adumphira mpaka thabwa lathyoka." Anapuma pang'ono, nayang'ana mkamwini cham'mbali. "Ena amangoti apongozi akubwera Loweruka."

"Imeneyo si adiresi, koma ndi yoona," anatero aPositi, akulemba mothamanga.

Anagwira ntchito mpaka masana. Tsamba lililonse linalandira adiresi ya mawu atatu kapena anayi, zilembo zing'onozing'ono, timizere pakati kuti positimani wachinyamata uja asawerenge mawu onse ngati amodzi. Mitu ya masamba inasinthidwa kuti igwirizane ndi maadiresi. Mkamwini, atayamba kukomedwa, anati maadiresi akale angowafufuta onse. APositi anamugwira dzanja lisanafike pa batani.

"Makhadi aja munagawa angati?"

"Mazana asanu."

"Ndiye pali anthu mazana asanu amene ali ndi adiresi yakale m'zikwama. Munthu akasamuka amasiya mawu pakhomo. Yakale iliyonse tiiuze kuti wofika pano apitirire uko." Anatero, nalumikiza imodziimodzi, akunyambita chala ngati akutsegula mapepala.

Kenako anatseka kabuku. "Tsopano iwoloke msewu. Amayi, tulukani."

"Si paja mumakuwa ndinu?"

"Enawo ndimawakuwira chifukwa ndi aphokoso kale. Inu adiresiyi mudzainena nokha pa foni, ine kulibe."

Anaima m'mphepete mwa ngalande. Shopu yawo, poiona kuchokera tsidya lino, inaoneka yaing'ono ngati bokosi la machesi. Ananena adiresiyo, koma ngakhale iwo eni sanaimve.

"Mwayamba, Amayi, kapena mukupemphera?" anafunsa Ometa.

Kachiwiri mawu anamezedwa ndi njinga yamoto. Kachitatu anatsinzina, naganiza za windo loyang'ana khoma lija.

"Sofa, kamzere, yomira, kamzere, pakati!"

Galu amene anagona pansi pa benchi anadzuka n'kusamuka. Ometa anatuluka, chipeso chili m'manja. "Sofa yomira pakati! Ndi timizere take tonse! Zaka zonsezi, Amayi, mawu amenewa mumawasungira ndani?"

Mayi wina wodutsa ndi dengu anayankha osaima, "Yanganso ndi choncho!" Mayi a Mipando anamuyang'ana mpaka anakhota pakona. Kukuwa kwa tsikulo kunali kutatha, kumuitana sanathe.

Ndiye panabwera kudikira. Sabata yoyamba, zii. Yachiwiri, zii. M'mawa uliwonse akatha kusesa ankalemba pa foni mawu aja, n'kumatsika, kutsika, kudutsa masitolo akuluakulu a mipando ndi mavidiyo a anthu okonza okha masofa, osadzipeza. Akawoloka kukadandaula, ndi maso okha, aPositi ankati, "Adutsa. Positimani wachinyamatayo sauzidwa tsiku." Sabata yachinayi anadzipeza pa tsamba lachisanu la zotsatira. "Kumeneko n'kuseri kwa manda, koma tili pa mapu," anatero aPositi. Yachisanu ndi chimodzi anakwera kufika pa lachiwiri. Foni sinalire.

Sabata yachisanu ndi chiwiri, Lachiwiri m'mawa, mwana wawo anabwera ndi makatoni asanu ndi tepi. "Sindikukuthamangitsani, Amayi. Tingoyamba ndi zing'onozing'ono." Anayamba kukulunga masizasi m'nyuzipepala. Mayi ake anakhala pa makina osokera, manja pamiyendo, akuona ulusi wawo ukulowa m'katoni mtundu ndi mtundu.

Foni inalira. Nambala yachilendo.

"Halo, ndi kwa amphaka?" anafunsa mawu a bambo.

"Kwa mipando."

"Eya, komweko. Ndalemba pa foni kuti mphaka wang'amba sofa, ndiye mwatuluka ndinu. Ndimafuna kufunsa, mphakayu ndimutani kuti asiye? Ndamumenya ndi nyuzipepala, ndamuthira madzi, akungondiyang'ana ngati lendi amalipira iyeyo."

Mwana wawo anasiya kukulunga. Anapukusa mutu, nanena ndi milomo yokha: ameneyo si kasitomala.

Mayi a Mipando za amphaka ankazidziwa, chifukwa eni masofa ong'ambika onse ankasimba zawo. "Musamumenye. Tengani thabwa, mulikulunge ndi chingwe chokhakhala, muliimike pafupi ndi pamene amakanda. Akufuna ponolera zikhadabo basi."

"Thabwa ndi chingwe. Zikomo kwambiri, mayi, mwandithandiza. Tsalani bwi..."

"Nanga sofayo muisiya choncho?"

Mawuwo anatuluka aakulu kuposa mmene anafunira. Kuseri kwa khoma makina a Ometa anazima.

"Akazi anga anaiphimba ndi nsalu ya patebulo."

"Liti?"

"Chaka chatha."

"Ndiye mumadyera pa tebulo losayala?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Bweretsani," anatero Mayi a Mipando. Kenako, pokumbukira ulemu, anawonjezera motsitsa, "Ngati mungakonde."

Sofayo inafika masana omwewo pa kagalimoto kotsegula kumbuyo, dzanja lake limodzi litasanduka zingwezingwe. Mwiniwake asanatsike bwinobwino, namwino uja anamuimirira kutsogolo.

"Bambo anga munkawadziwa?"

"Bambo anu ndani?"

"Mumapemphera kuti? Mwamuna wanga simugwira naye ntchito? Madala a dazi a patsidyapo sanakutumeni?"

"Chemwali, ine ndabwera ndi sofa. Pakufunikanso kalata ya kuchipatala?"

Mwanayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kufunafuna poti amudziwire, osapapeza. Analowa m'shopu, nadula tepi ya katoni yoyamba, n'kuyamba kubwezera ulusi pa shelefu, mitundu yonse mosokoneza. "Ndinati mmodzi, ndinanena ndekha," anatero osatembenuka. "Koma Lamulungu lililonse muzibwera kudzadya. Bedi lija lisangopita pachabe." Mayi ake anadikira kuti achoke, n'kukonzanso ulusiwo.

Mwezi wotsatira kunabwera mipando iwiri yogwedera ndi sofa yomiradi pakati. Sikuti anthu ankachita kupanga mzere, ayi. Masiku ena ankangosesabe n'kukhala. Koma kiyi anakhalabe pa kachingwe kake.

APositi sanatengepo ulemerero. Atauzidwa za mphaka uja anangoti, "Yafika," n'kuchonga m'kabuku. Anakuwabe maadiresi a anthu ena miyezi isanu ndi itatu, ya wogulitsa matayala, ya mayi wophika makeke, ya sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Kenako Mayi a Mipando anayamba kuona kuti kabuku kaja akukayandikiza kwambiri kumphuno, ndipo tsiku lina bamboyo anapereka moni kwa mtengo wa magetsi. Nkhani inadutsa khoma: maso achita ng'ala, mwana wawo wamwamuna akudzawatenga kuti akachitidwe opaleshoni kumene mwanayo amakhala, ndipo akakhala komweko ndi akazi awo.

Anabwera kudzatsanzika Lachisanu m'mawa, galimoto ya mwanayo ikudikira panja, injini osazimitsa. Aka kanali koyamba kulowa m'shopu ya mipando. Anaima pakati, akununkhiza guluu.

"Inu anakupatsani miyezi iwiri," anatero. "Ine wangayu wandipatsa mpaka teni koloko."

Mayi a Mipando anali atakonza mawu ambiri sabata yonse, koma anangoti, "Zikomo, bambo." APositi anagwedeza mutu ngati alandira siginecha. Potembenuka, dzanja lawo linakhudza nsalu yaitali yamaluwa yomwe inali pa makina osokera. Anaipapasa, naikokera pafupi ndi maso.

"Iyi si ya mpando."

"Ndi makatani. Mayi wa sofa yomira pakati ija anandipempha. Ndangoyesa."

Panja hutala inalira kawiri. APositi anafika pakhomo, phazi limodzi lili kale panja, natembenuka, chala chili m'mwamba.

"Makataniwo muwapatse tsamba lawolawo, Amayi. Musawagoneke chipinda chimodzi ndi masofa."